Akuti mwana wa mchemwali wanga si m'bale wanga, kodi andilanda?

Mayi_wa_awiri

Abale anga amene muli kuno ku England ndithandizeni maganizo, mutu sukugwira. Kuyambira January ndikusunga kamtsikana ka zaka 9, mwana wa mchemwali wanga, mayi ake anapeza ntchito ya care yogonera komweko tauni ina ndiye tinagwirizana kuti mwana asasiye sukulu azikhala ndi ine. Mchemwali wangayu ndi mwana wa amayi aang'ono, tinakulira nyumba imodzi ku Ntcheu, mphasa imodzi, mbale imodzi. Sabata yatha kusukulu anandifunsa kuti mwanayu ndi ndani wanu, ine nkuwauza kuti ndine mayi ake aakulu, nditafotokoza bwinobwino mzimayi uja anangoti ndiye kuti mayi akewo ndi cousin wanu. Dzulo kunabwera social worker, wa boma woona za ana, anaona pogona mwana, kenako nkupempha kuti acheze naye payekha ine nditatuluka. Ndinaima kukhitchini manja akunjenjemera ngati ndaba mwana. Akuti imeneyi ndi private fostering ndipo ndimayenera kuwauza kalekale. Mayi ake sindinawauzebe, ali ndi BP.

Wa_ku_Dedza

Pepani amayi, mtima m'malo kaye. Ine ndimagwira ntchito ndi ana kukhonsolo ina kuno ndipo nkhani ngati yanuyi siyachilendo kwa ife anthu akuda. Lamulo lake ndi Children Act ya 1989, limati mwana wosakwana zaka 16 akakhala masiku 28 kapena kuposa kwa munthu amene si wachibale wapafupi, khonsolo idziwe. Ndiye wapafupi kwa iwowa ndi agogo, mchimwene, mchemwali, amalume, azakhali, mayi aang'ono kapena aakulu amene ndi bere limodzi kapena bambo mmodzi ndi kholo, amuna kapena akazi awo a amenewa, ndi kholo lopeza basi. Inuyo akanakhala mchemwali wanu wobadwa naye sakanabwera nkomwe. Kwathu ana a amayi aang'ono ndi abale athu, msuweni ndi mwana wa amalume kapena azakhali, iwowa onsewa amangowaika mthumba limodzi la cousin, apa ndi pamene mwasemphana.

Kucheza ndi mwana payekha ndi lamulo lomwelo, sikuti akukukayikirani inuyo. Anakhwimitsa zinthu atamwalira Victoria Climbié mu 2000 ku London, mwana wa zaka 8 wochokera ku Ivory Coast amene makolo anamupereka kwa wachibale kuti akaphunzire kunja, nkuzunzidwa mpaka imfa. Azibwera pa masabata 6 aliwonse chaka choyamba, kenako pa masabata 12. Mphamvu zonse pa mwana zidakali kwa mayi ake. Auzeni lero lomwe chonde, poti awaimbira foni ndithu, bola amvere kwa inu.

Malume_J

Ine ndiye sindingakunamizeni kuti ndimawakhulupirira anthu amenewa. Mnzanga wina anavutika miyezi chifukwa mwana ananena kusukulu kuti adadi amandikwapula, ndiye samalani pakamwa komanso chikwapu muiwaliretu, ku Scotland ndi ku Wales kumenya mwana ngakhale kambama analetseratu, ku England kuno akaona chizindikiro pathupi ndi mlandu. China chimene chimandiwawa, mwana wathu waulemu amayang'ana pansi akamayankhula ndi wamkulu, amalandira ndi manja awiri, iwo amatha kulemba kuti mwana akuoneka wamantha. Afotokozereni zimenezi asanalembe.

Wa_ku_Dedza

Amalume zoyang'ana pansizo mukunena zoona, ndakanganapo ndi anzanga pantchito pa zomwezo. Koma tisabise ana chifukwa cha mantha. Tonse tikudziwa kumudzi ana ena otumizidwa kwa achibale mtauni kuti akaphunzire amasanduka antchito, kudzuka 4 koloko kukolopa anzawo akugona, ndipo palibe amafunsa mwanayo payekha kuti ukukhala bwanji.

Nachisale_NZ

Ine ndili ku New Zealand koma ndalowerera poti zandikhudza. Kuno eni dziko, a Māori, analira zaka zambiri kuti boma likuwatengera ana nkukawapatsa azungu osafunsa mtundu wawo, pomwe kwa iwo mwana ndi wa whānau, ndiye kuti banja lonse mpaka agogo ndi asuweni, chimodzimodzi mbumba kwathu. Mu 1989 lamulo linasintha nkubweretsa Family Group Conference, achibale onse amaitanidwa, a boma amanena nkhawa zawo kenako amatuluka mchipinda, banja limatsala lokha kupanga chochita ndi mwana. Nditaimva koyamba ndinati aaa izi ndi zomwe amachita mwini mbumba pakhonde akagwa mavuto. Sikuti zonse zinatheratu, ana a Māori adakali ochuluka mmanja mwa boma kuposa ena, koma njira imeneyi inafika mpaka ku England, makhonsolo ambiri ali nayo. Zikafika povuta ifunseni, amalume ake a mwanayo atha kulowa pa WhatsApp ali ku Ntcheu konko.

Mayi_wa_awiri

Zikomo nonse, ndagona bwinoko. Mchemwali ndamuimbira usiku, analira koma wati abwera Lachinayi adzakhalepo yekha. Social worker uja anandiimbiranso mmawa uno ndiye ndinalimba mtima nkumuuza kuti akabwera ndikufuna ndimujambulire papepala mmene ubale wathu ulili kuyambira kwa agogo aakazi, wavomera, mpaka anafunsa kuti mwanayu amanditchula kuti chani. Ndinamuuza kuti amati amayi. Anakhala kaye chete kenako akuti ndimutchulire zilembo zake alembe momwemo mu fayilo. A Wa_ku_Dedza, kalata yochokera kwa mayi ake yondiloleza kupita naye kwa dokotala (GP) timalemba tokha kapena pali fomu yake?