Mizere ya pamimba mayi akachira: mafuta a kumsika angathandize?

NaBanda, Linthipe:
Mng'ono wanga anachira miyezi inayi yapitayo. Pamimba pali mizere yakuda ndipo mimbayo sinabwerere. Akudziimba mlandu kuti sankadzola mafuta ali woyembekezera. Anzake amuuza za mafuta a m'kachubu a kumsika. Agule?

Namwino wopuma, Ntcheu:
Asagule, mayi. Mizereyo imabwera khungu likakokeka msanga, timinyewa ta mkati mwake n'kuduka. Zimayendera kumtundu ndi mahomoni, ndipo akanadzola botolo lonse ikanabwerabe. Pakatha miyezi 6 mpaka 12 imazilala, koma siitheratu.

Muwerenge pa chubupo. Mukaona clobetasol kapena betamethasone, amenewo amapyapyalitsa khungu: mizere imakula, ziphuphu ndi zipere zimabuka. Hydroquinone ukamudzola nthawi yaitali amasiya zigamba zakuda zovuta kuchotsa. Ena osalembedwa chilichonse amakhala ndi mercury, yemwe amawononga impso ndipo amafika kwa mwana kudzera m'mkaka. Ndi kuzizira kwa ku Dedza kwanuko khungu limatuwa n'kumayabwa. Vaseline akangosamba, thupi lisanaumiretu, ndi wokwanira.

Mlangizi wa mafizo:
Za mimbazo ndi nkhani ina. Chiberekero chimabwerera m'malo pakatha masabata 6, koma minofu iwiri ya kutsogolo kwa mimba imatha kutsala yotalikirana. Agone chagada, apinde mawondo, adzutse mutu pang'ono, aike zala pamwamba pa mchombo. Zikalowa zoposa ziwiri, minofu sinakumane. Azikokera mchombo mkati potulutsa mpweya, agwire masekondi asanu, maulendo khumi, katatu pa tsiku. Kudzigonetsa n'kumadzuka mobwereza kuja kungathe kuwonjezera mpatawo, chimodzimodzi kudzitwika yekha ndowa ya malita 20. Chitenje chomanga pamimba chimangogwiriziza, sichilimbitsa minofu. Pamchombo pakatupa kapena kupweteka, apite kuchipatala. Ngati anachira kudzera opaleshoni, ayambe wafunsa kusikelo.

Anakubala, Bembeke:
Anamwino anena zoona. Koma a NaBanda, fufuzaninso amene akumuseka, chifukwa nthawi zambiri ndi a m'nyumba momwemo. Alamu anuwo muwaitanire pambali. Mng'ono wanuyo asadzimane nsima pofuna kuphwetsa mimba, akuyamwitsa ameneyo. Mukaona kuti padutsa masabata awiri akungolira, sakudya, mwana sakumufuna, si za mizerenso ayi. Mupite naye kuchipatala, mukafotokoze zonsezo.