Kodi anayamba ndani kuona tizilombo tosaoneka ndi maso?

Kholo la ku Malindi:
Ndikupempha nzeru kwa anzanga odziwa za sayansi. Dzulo tikutunga madzi kunyanja, mwana wanga wa Fomu 2 anandifunsa kuti, ngati tizilombo toyambitsa kolera sitioneka ndi maso, munthu woyamba anatiwona bwanji, ndipo anatsimikiza bwanji kuti ndi timeneto timene timadwalitsa anthu. Agogo ake, omwe amatsuka mbale pomwepo, anati madzi oyera mbee ngati amenewo sangakhale ndi choipa chilichonse. Ine ndinasowa choyankha, ndipo sindikufuna kumusiya mwanayu ndi funso lake.

Mphunzitsi wa ku Monkey Bay:
Bambo, mwana wanuyo wafunsa mafunso awiri, ndipo pakati pa mayankho ake panadutsa zaka pafupifupi 200. Woyamba kutiona anali Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa mumzinda wa Delft ku Netherlands, yemwe sanaphunzire ku yunivesite koma anali ndi luso losula timagalasi ting'onoting'ono tokuza zinthu kuposa maulendo 200. Mu 1674 anatunga madzi m'nyanja ina yaing'ono pafupi ndi kwawo, ndipo atayang'ana kadontho kamodzi anaona tamoyo tikusambira uku ndi uku. Mu 1676 analembera kalata bungwe la asayansi la Royal Society ku London yofotokoza tina tochepetsetsa, tomwe lero timatitcha mabakiteriya, ndipo mu 1683 anatipezanso m'zoyera zomwe anapala pamano ake. Chomwe chimandigwira mtima nchakuti anayambira pa madzi a m'nyanja, monga momwe mwana wanu wayambira. Komabe iye sanasonyeze kuti tamoyoti timayambitsa matenda. Ambiri m'masiku amenewo ankakhulupirira kuti matenda amabwera ndi mpweya wonunkha.

Mlangizi wa zaumoyo, Mangochi Boma:
Ndiyankhe funso lachiwirilo, chifukwa kolera ya 2022 ndi 2023 inatizunza kwambiri m'boma lathu lino. Mu 1854 dokotala John Snow anayenda khomo ndi khomo ku London kulemba malo amene anthu anafera kolera, ndipo anapeza kuti ambiri ankamwa madzi a pa mjigo umodzi wa mumsewu wa Broad Street. Chogwirira cha mjigowo chinachotsedwa ngakhale kuti iye sanakaone kachilomboko. Umboni weniweni unabwera ndi Robert Koch wa ku Germany, yemwe ankapatula mtundu umodzi wa mabakiteriya, kuukulitsa paokha, kenako n'kusonyeza kuti ndi womwewo umene ukudwalitsa. Mwa njira imeneyi anapeza koyambitsa chifuwa chachikulu mu 1882, ndipo mu 1884 anafotokoza koyambitsa kolera ali ku Calcutta, m'dziko la India. Agogo awuzeni mwaulemu kuti madzi a kapu imodzi akhoza kuoneka oyera koma ali ndi tizilombo tambirimbiri, nchifukwa chake timalimbikitsa kuwiritsa madzi kapena kuthiramo klorini. Likodzo lokha nlosiyana pang'ono, pakuti limayamba ndi tinyongolotsi tomwe timakulira mu nkhono za m'madzi n'kulowa pakhungu la wosamba. Theodor Bilharz ndiye anatipeza ku Cairo mu 1851.

Mayi wa ku Namwera:
Ndikupempha kuti mwanayu asamve ngati tizilombo tonse ndi adani. Ine ndimaphika thobwa, ndipo ndikalisiya mu ndowa masiku awiri limayamba kuchita thovu ndi kusasa, zomwe ndi ntchito ya yisiti ndi mabakiteriya odya shuga wochokera m'chimera. Chambiko nachonso chimapangidwa motero. Louis Pasteur wa ku France ndiye anasonyeza kuti kusasa kumachitika chifukwa cha tamoyo timeneti, ndipo cha m'ma 1860 anawiritsa msuzi m'mabotolo a khosi lopindika, msuziwo n'kukhala osawonongeka mpaka pamene fumbi linaloledwa kulowa.

Kholo la ku Malindi:
Zikomo kwambiri nonse. Loweruka tiwiritsa msuzi, wina tiuvindikira bwino ndipo wina tiusiya poyera, kuti mwanayu pamodzi ndi agogo ake aone okha umene uyambe kuchita nkhungu. Aphunzitsi, kodi dontho la madzi a kunyanja kwathu kuno lingaonetse kanthu pa maikulosikopu wamba ya kusukulu ya sekondale?