Umbombo ndi chigololo pa makomo a matchalitchi a njira ya ku Santiago

Wofunsa: Ndakhala ndikuyang'anitsitsa zithunzi za khomo la tchalitchi cha Sainte-Foy ku Conques, m'dziko la France, chomwe chili pa njira yochokera ku Le Puy-en-Velay kupita ku Santiago de Compostela, mzinda wa ku Spain kumene oyenda ulendo wachipembedzo amapita. Pa chiweruzo chomaliza chimene anasema pamwala kumeneko m'zaka za m'ma 1100, munthu waumbombo wapachikidwa ndi chingwe, thumba la ndalama lili m'khosi. Pa khomo la tchalitchi cha ku Moissac, tauni ina ya ku France pa njira yomweyo, napo waumbombo alipo, ziwanda zitamukwera paphewa. Kodi n'chifukwa chiyani osemawo analimbikira tchimo limeneli chonchi?

Yankho loyamba: Mwafunsa bwino. Nthawi imeneyo malonda ogwiritsa ntchito ndalama anali kukula, ndipo oyenda ulendo wachipembedzo ankadyeredwa masuku pamutu m'njira monse. Mu Codex Calixtinus, buku la m'zaka zomwezo, muli ulaliki wodzudzula eni nyumba zogona alendo ndi osintha ndalama chifukwa cha chinyengo. Choncho mlendo akaima pa khomo la ku Moissac n'kuona Lazaro agalu akumunyambita zilonda pamene wachuma akudya, monga zilili pa Luka 16, ankaona zimene zinamuchitikira dzulo lake, komanso ankachenjezedwa za thumba lake lomwe.

Yankho lachiwiri: Ndikuvomereza, koma musaiwale chigololo, chifukwa ku Moissac chili pambali penipeni pa umbombo: mkazi amene njoka zikumuluma mabere, chule ali kumaliseche kwake. Chilango chikugwera chiwalo chimene chinachimwa, monganso ku Conques kumene wamiseche akumuzula lilime. Ine chimandipweteka n'chakuti tchimo la anthu awiri analipatsa thupi la mkazi yekha. Ngakhale ku Santiago, pa khomo la tchalitchi chachikulu lotchedwa Platerías, mkazi wofukata chigaza amafotokozedwa mu Codex Calixtinus momwemo ngati wachigololo wokakamizidwa kupsompsona mutu wa chibwenzi chake kawiri pa tsiku.

Yankho lachitatu: Ambiri amati zosemazi zinali Baibulo la osadziwa kuwerenga, koma mawuwo sindiwalandira onse. Ku Conques zithunzizo zazunguliridwa ndi mawu a Chilatini, kusonyeza kuti pankafunika wina wowerengera ndi kumasulira khamulo. Si zonsenso zimene zinali ndi phunziro lomveka, pakuti cha m'ma 1125 Bernard wa ku Clairvaux, mtsogoleri wa amonke wa ku France, anadandaula kuti anyani, mikango ndi zilombo zosemedwa m'nyumba za amonke zinkawachititsa kuwerenga miyala m'malo mwa mabuku.