Mashelefu ogawa chipinda akugwedera, landilodi wakana kuboola khoma

Kalipentala wa ku Nchalo: Amisiri anzanga, ndithandizeni nzeru. Mayi wina, mphunzitsi, akuchita lendi chipinda chimodzi cha mamita 4 kwa 5, ndipo akufuna kuchigawa kuti kwina kukhale kogona, kwina pabalaza. Khoma la pulayiwudi sakulifuna chifukwa amasamutsidwa pafupipafupi. Ndamupangira mabokosi 25 a bulokubodi (bodi ya timatabwa tomatidwa pakati pa zikhungu zopyapyala), lililonse masentimita 40 m'litali, 40 msinkhu, 30 kulowa mkati, oti azisanjikiza asanuasanu. Dzulo ndasanja, akuoneka bwino ndithu, koma nditangokankha pamwamba ndi zala ziwiri, mzere wonse unawerama. Mayiyu ali ndi mwana wa zaka zitatu amene amakwera chilichonse. Ndalama yotsala sindinalandire, ndipo sindingailandire zinthu zili chonchi.

Mmisiri wa ku Ngabu: Achimwene, mwalumikiza mabokosiwo kapena mwangosanjikiza? Ngati mwangosanjikiza, yambani pomwepo. Boolani, mumange ndi mabawuti a mamilimita 6, awiri pamalo aliwonse pamene bokosi lakhudzana ndi linzake, ndipo muike mawashala mbali zonse. Masikuluu ayi. Mukamasula kawiri katatu posamuka, bulokubodi imalekerera ndipo sikuluu imangozungulira. Kenako pansi muike tsinde lotambalala, masentimita 50, ndiye nkhani yatha.

Mphunzitsi wa zaukalipentala, Chikwawa: Za mabawuti ndikuvomereza, koma kuti nkhani yatha ndi tsinde lokha, pepani akulu, ndikukana. Tiwerenge. Tinene kuti mzere wonsewo ukulemera makilogalamu 100, msinkhu mamita 2, tsinde masentimita 30. Kulemera kwake kuli pakati, masentimita 15 kuchoka m'mphepete. Chulukitsani 100 ndi 15, mugawe ndi 200, mupeza 7.5. Ndiye kuti mphamvu ya makilogalamu 7.5 yokha pamwamba ikhoza kuugwetsa. Tsinde likafika 50, mupeza 12.5. Zasinthako, koma mwana akalendewera m'mphepete mwa bokosi lachitatu akukoka chakumbuyo, kapena munthu wamkulu akapunthwa usiku magetsi atazima n'kutsamirapo, ineyo mtima sungandikhale pansi. Shelefu yotsamira khoma imagwera mbali imodzi yokha, pamene yogawa chipinda imagwera mbali ziwiri. Iyenera kugwiridwa ndi china chake.

Kalipentala wa ku Nchalo: Ndi pamene pali vuto, aphunzitsi. Mwininyumba wanenetsa kuti pakhoma pake pasalowe ngakhale msomali. Komanso nditagogoda ndinamva kuti njerwa zake anamangira dothi, pulasitala ndi yopyapyala. Pulagi yogwirira sikuluu m'khoma singagwire bwino pamenepo.

Mayi wa mipando ku Bangula: Bambo, musalimbane ndi khomalo. Pindani mzerewo. Chotsani mabokosi asanu akumapeto, muwatembenuze kuti apange ngodya ngati chilembo cha L, muwamange ndi mabawuti omwewo. Mwendo umenewo ndi umene umaletsa kugwa, ndipo umapanganso kakhomo kolowera kogona, poti mayiyo akhoza kupachikapo katani. Ine ndimaonjezera mabokosi awiri pansi mbali inayo, kumapeto kwa kukhoma, okhala ngati benchi. Akatero mzerewo uli ndi mwendo uku ndi uku. Muuzeni mayiyo kuti thumba la mpunga, mabuku ndi mapoto olemera zizikhala m'mizere iwiri yapansi, pamwamba zovala ndi zopepuka. TV isakwere pamwamba ngakhale atachonderera.

China, ndipo ichi ndikunena ndi mtima wonse. Bulokubodi isagunde simenti. Madzi a namondwe Freddy mu Marichi 2023 atadutsa kuno, ndinaona ndi maso anga kabati imene ndinapanga ndekha itafufuma pansi ngati buledi wonyikidwa mu tiyi, zikhungu zake zikusendeka ndi chala, pamene miyendo ya tebulo la mlombwa m'nyumba yomweyo inangouma n'kukhala bwinobwino. Madziwo sanafike ngakhale m'mawondo. Kuyambira pamenepo chilichonse ndimachikweza pa felemu ya thabwa lolimba, masentimita 10 kapena 15. Ngakhale osefukira asabwere, kukolopa kwa tsiku ndi tsiku kumadya bodi pang'onopang'ono.

Mmisiri wa ku Ngabu: Amayi anena zoona. Felemuyo mupake Solignum, mankhwala oteteza thabwa, chiswe cha kuno chimatulukira m'ming'alu ya simenti. Nanga bwanji osamangirira kumtanda wa denga? Kulibe siling'i eti?

Mphunzitsi wa zaukalipentala, Chikwawa: Zimatheka, koma mosamala. Mphepo ya mkuntho ikawomba, denga la malata limasuntha, ndipo ngati mwakhomerera zolimba limakoka shelefu. Ngati mukufuna kutero, imikani thabwa la mainchesi 2 kwa 2 kuchokera pashelefu, likalowe pakati pa timatabwa tiwiri tomangidwa kumtanda, kuti lizitha kutsetsereka chokwera ndi chotsika koma osapita cham'mbali. Komabe funsani kaye mwininyumba. Ndikufunsenso, kumbuyo kwa mabokosiwo mwatseka?

Kalipentala wa ku Nchalo: Ayi, onse ndi otseguka mbali zonse. Ndimaganiza zotseka onse ndi pulayiwudi kuti alimbe, komanso kuti alendo asamaone bedi.

Mayi wa mipando ku Bangula: Onse ayi, mumuotcha mwana wa eni. Zenera lili mbali imodzi, ndipo mukudziwa mmene Okutobala amakhalira kuchigwa kuno, kutentha kupitirira madigiri 40, usiku anthu kumagona pakhonde. Mukatseka zonse, kogonako kusanduka uvuni. Tsekani mizere itatu yapansi ndi pulayiwudi ya mamilimita 4 kapena 6, guluu ndi misomali yaing'ono kuzungulira, ndiyo imaletsa bokosi kupendekeka. Iwiri yapamwamba musiye mphepo izidutsa. Ena atsekereni mbali ya pabalaza, ena mbali ya kogona, kuti mayiyo azitenga mbale uku, zovala uko.

Kalipentala wa ku Nchalo: Ndabwerako, abale anga. Ndachita L, ndaika benchi ya mabokosi awiri, mabawuti apita ambiri kuposa mmene ndimaganizira. Chimene palibe anatchula ndi kutsetsereka kwa simenti yapansi. Nditaika levulo ndinapeza kuti yatsetsereka pafupifupi masentimita 2 kulowera kukhomo, ndiye mabokosi oyamba aja ankaima chopendekeka ndisanawakhudze n'komwe. Ndapala felemu ndi landa mbali yokwera, mbali yotsika ndakhomera tizidutswa ta thabwa ndi guluu kuti tisamachoke akamasesa. Kudenga sindinamangirire, mwininyumba anakananso. Ndinalendewera ndekha pabokosi lachinayi mbali zonse ziwiri, mayiyo akuonerera, osagwedera. Ndalemba manambala ndi pensulo pansi pa bokosi lililonse, ndipo ndamusiyira sipanala ya 10 yoti adzamasulire akadzasamuka. Takhuta nonse. Amayi a ku Bangula, felemu ija ndapanga ya bulugama chifukwa mlombwa sindinaupeze, kodi Solignum ndipake kangati?

Mayi wa mipando ku Bangula: Kawiri, makamaka kumapeto kumene mwadula ndi sowo, ndiko kumamwa kwambiri. Muumitse panja kaye fungo lithe musanabwezere m'nyumba muli mwana.