Laputopu ya kaunjika yoti ndiikemo Linux: ndiyang'ane chiyani?

wapakoleji:
Akuluakulu, ndikufuna kugula laputopu yogwiritsidwa kale ntchito yoti ndiikemo Linux Mint, ndizilembera mapulogalamu ndi zakusukulu. Ndigule yamtundu wanji, nanga ndione chiyani ndisanapereke ndalama?

mkonzi_wa_makompyuta:
Sakani ThinkPad T480 kapena Dell Latitude 7490. T480 ili ndi malo awiri oikamo RAM, mutha kuyamba ndi 8GB n'kudzawonjezera. Musaisokoneze ndi T480s, imeneyo RAM ina anaimatirira pa bodi, malo owonjezera ndi amodzi okha.

Komatu dzina lapachivundikiro lisakupusitseni, nkhani ili pa zam'kati. Tengani fulashi ya 8GB, ikanimo Mint pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Ventoy kapena Rufus, mupite nayo kwa wogulitsayo. Poyatsa dinani F12, musankhe fulashi, Mint idzuke osaiika pa disiki. Yesani Wi-Fi, sipika, kamera, mabatani owalitsira sikirini. Kenako tsekani chivundikiro, dikirani mphindi imodzi, tsegulani. Laputopu zambiri zimagwera pamenepa: zimagona koma osadzukanso. Wogulitsa akakana kuti muyese, pitani kwina.

mayi_ubuntu:
Kuwonjezera apo, mukadali mu Mint tsegulani Terminal (windo lolemberamo malamulo) mulembe `lspci -nnk`. Khadi la Wi-Fi likakhala la Intel, mtima m'malo, dalaiva wake (pulogalamu yoyendetsa khadilo) ali kale mu kernel, phata la Linux. Likakhala la Broadcom, nthawi zambiri mufunika intaneti kuti mukoke dalaiva, pomwe Wi-Fi yake ndi yomwe sikugwirayo. Zikatero lumikizani foni ndi chingwe cha USB muyatse tethering kuti foni igawire laputopu intaneti. Za khadi la zithunzi la NVIDIA zisiyeni ngati simusewera magemu. Imadya batire ndipo imafuna dalaiva wakewake. Za zithunzi za Intel kapena AMD zimangogwira.

Batirenso muione, poti magetsi athuwa mukuwadziwa. Lembani `upower -d` muyang'ane mzere wa capacity. Ikatsika pansi pa 60%, mtengo autsitse. T480 zambiri zimakhala ndi mabatire awiri, yam'kati ndi yakunja, onani onse.

wapakoleji:
Zikomo kwambiri. Nanga ndamva kuti pena poika Linux disiki siioneka?

mkonzi_wa_makompyuta:
Zimachitika, makamaka pa Dell. Mu BIOS (menyu ya masetingi yolowamo poyatsa laputopu) disiki imakhala itaikidwa pa RAID On, ndiye Linux siiona. Lowani ndi F2, pa SATA Operation musankhe AHCI. Ngati mukufuna kusunganso Windows, musangosintha: Windows ikana kudzuka. Yambani mwasunga kiyi ya BitLocker (loko wa disiki wa Windows), ikani Windows pa Safe Mode, sinthani kupita ku AHCI, idzuke kamodzi mu Safe Mode, kenako muichotse pa Safe Mode.

Ndipo BIOS imeneyo muilowe mukadali pa shopu, pa ThinkPad ndi F1. Laputopu zambiri zoterezi zinachokera m'maofesi akunja, zina zimabwera ndi Supervisor Password, pasiwedi yotseka BIOS. Pa T480 pasiwedi imeneyi sichoka ngakhale mutazula kabatire ka pa bodi. Ikakufunsani pasiwedi yomwe wogulitsa saidziwa, musagule, ngakhale atsitse mtengo bwanji.