Akum'mawa a ku Joni: motoka yazima pa msewu wa Chanida

17:38 Wa ku Mchini: Odi akuluakulu. Ndithandizeni msanga. Ndadutsa boda ya Chanida kuchokera ku Mozambique, ndili m'Zambia ndikulowera ku Katete, motoka yazima pamtunda. Dizilo anatha. Wanjinga wina wandigulira malita 5 ndathiramo, koma ikukana kulira. Sitata ndaliza mwina ka 10. Kukuda kuno.

17:39 Mlamu wa ku Bellville: Nambala iyi ndi ya ndani? A Admin mwayamba kulowetsa anthu mwakachetechete?

17:40 Admin: Ndinamulowetsa ndine sabata yatha. Ndi mwana wakwathu, amatsuka mamotoka ku Kempton Park.

17:41 Amai a Mapasa: Mwana iwe, sabata yathunthu uli ziii, moni osapereka, ya maliro osasonkha. Lero zakuvuta ndiye watidziwa?

17:41 Wa ku Mchini: Pepani amai, ndalakwa. Ndidzasonkha.

17:42 Wa ku Sinda: Motoka yanji? Pa boda akudula zingati?

17:43 Wa ku Mchini: Hilux D-4D ya 2010. Ndi ya amalume, andituma ndikaisiye ku Chipata ndi katundu wa agogo.

17:43 Mlamu wa ku Bellville: Wotsuka motoka amupatsa kiyi 😂 amalumewo ali ndi mtima wa mkango

17:45 Amdala a Thiraki: Ku Tete sunathire bwanji? Aliyense woyenda njira imeneyo amadziwa kuti ukachoka pa Tete kupita ku boda ya Cassacatiza ndi makilomita oposa 250 a tchire ndi mapiri. Umadzaza thanki mpaka kukhosi, chigubu china kumbuyo. Safunsa anadya phula.

17:46 Wa ku Mchini: Ndalama ya ku Mozambique inandithera amdala. Komanso pa dashibodi inkalemba kuti kwatsala makilomita 60.

17:47 Amdala a Thiraki: Kamanambala kameneko kamangoyerekeza. Sikadziwa kuti wasenza firiji ndi masofa, sikadziwa kuti kutsogolo kuli phiri. Kanyali ka mafuta kakayaka ndiye kuti watsala ndi malita 10 kapena kupitirirako pang'ono, basi. Tenga sipanala 17, masula manati a pa ma injekita, timipopi topopera dizilo mu injini, wina alize sitata mpaka thovu lithe. Zaka 22 ndili pamsewu ine.

17:49 Makanika wa Germiston: Ayi amdala, imeneyo ayi! Mphwanga usakhudze nati iliyonse ya pa injekita. Ndipo siya kiyi, ukupha batire ndi pampu. Injini yamwa mphepo. Tsegula boneti, funa fyuluta ya dizilo, ili ngati kachitini kokhala ndi mapaipi a rabara pamutu. Pamwamba pake pali batani lakuda lozungulira. Dinikiza ndi chikhatho, siya, dinikizanso. Poyamba likhala lofewa ngati nthochi yakupsa, ndiye kuti ukukankha mphepo. Usaleke mpaka lilimbe, kaya ka 30 kaya ka 50. Likalimba liza sitata masekondi 10 okha. Ikakana puma miniti yathunthu, popanso.

17:49 Wa ku Sinda: Koma pa boda akudula zingati? Ndikufuna kutsitsa yanga mu Disembala.

17:50 Mlamu wa ku Bellville: Njira yachidule ilipo. Kapu imodzi ya petulo mu thanki, imadzuka nthawi yomweyo. Kapena chotsa chipaipi cha mphepo upopere Doom. Mnzanga wa pa garaja amachita tsiku lililonse.

17:50 Achemwali a ku Kapata: Doom?? Mu injini muli mphemvu? 😂😂

17:51 Amdala a Thiraki: A makanika, inu munabadwa ine ndikublida kale ma injini, kuwachotsa mphepo. Nati ya 17 sinandinamizepo.

17:53 Makanika wa Germiston: Sindikutsutsa zaka zanu amdala. Pa 2L, 3L, 5L, ma injini akale aja, mukunena zoona, timamasuladi. Koma D-4D ndi common rail, ma injekita onse amalandira dizilo ku paipi imodzi yopanikizika kwambiri. Dizilo wa m'mapaipi achitsulo aja amafika ma bar oposa 1,000. Tayala la motoka yomweyo limapopedwa ma bar awiri ndi theka. Akatuluka pa nati yomasula amaboola khungu ngati jekeseni n'kulowa m'thupi, chala chimatha kudulidwa kuchipatala. Mwana ali yekha m'tchire, mukufuna ayikepo dzanja?

17:54 Amdala a Thiraki: Mamotoka a masiku ano ndi mafoni a matayala basi.

17:55 Amai a Mapasa: Wadya koma mwanawe? Uli ndi juzi? Mwezi wa 8 uno usiku kumazizirabe kumeneko.

17:58 Aphunzitsi a pa Geti: Ndiloleni ndiikepo mawu, ndili pa shifiti koma bwana watuluka. Anthu ambiri amaganiza kuti dizilo ndi petulo ndi mapasa. Ayi. Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsa moto. Imapanikiza mpweya mpaka utenthe, kenako injekita imapopera dizilo ngati nkhungu, amayaka yekha. Tsono mu mapaipi mukalowa mpweya, pampu imangofinya mpweyawo ngati siponji, mphamvu yotsegula injekita osakwana. N'chifukwa chake kuthira mafuta kokha sikudzutsa motoka. Ndipo mudziwe kuti mwini wake Rudolf Diesel anali wa ku Germany, ndipo pa chionetsero cha ku Paris mu 1900 injini ya mtundu wake inayendera mafuta a nshawa.

17:59 Mlamu wa ku Bellville: Ndiye vuto lili pati? Mnyamata ali kwawo kwa nshawa. Gogoda pakhomo lililonse, sinja chalimbana uthire mu thanki 😂

17:59 Achemwali a ku Kapata: Hilux yotendera 😭

18:01 Amai a Mapasa: Musatchule chalimbana inu, mtima wanga wapita. Nkhwani wotendera wa amai anga, nsima ya mgaiwa, titakhala pa mphasa kuseri kwa nkhokwe. Kuno nshawa za mu shopu zimangomveka ngati makatoni. Zaka 4 sindinapondeko.

18:02 Wa ku Sinda: Nyengo ino ana ali kumunda ndi makasu kukumba mbewa. Zowamba bwino, kamchere, ka tsabola. Mkazi wanga ndi Mbemba, amati tikudya makoswe, ine ndimati nanga kolwe wanu uja?

18:03 Admin: Kulamba kwatsala masabata awiri. Amene mukupita ku Mkaika lembani maina tione ngati tingakwane minibasi imodzi.

18:04 Wa ku Mchini: Akuluakulu netiweki ikubwera n'kupita. Mauthenga alowa 20 nthawi imodzi. Ndichite chiti? Petulo ndingamupeze, pali wa njinga yamoto pano.

18:04 Makanika wa Germiston: PETULO AYI. Werenga uthenga wanga wa 17:49.

18:05 Mlamu wa ku Bellville: A makanika safuna njira zaulere, amafuna motoka ifike pa garaja 😂

18:08 Makanika wa Germiston: Mlamu, mukanaona zimene ndimatsegula ine simukanaseka. Pampu ya dizilo ilibe oilo wake. Dizilo yemweyo ndiye amaipaka mafuta ndi kuiziziritsa. Ukailiza youma, chitsulo chimadya chitsulo. Petulo ndi parafini n'zouma, zimatsuka kamafuta kaja. Mwezi watha ndinatsegula fyuluta ya bakkie ina, m'kati mukunyezimira tizitsulo ngati mchenga wa mu Lutembwe dzuwa likawomba. Tizitsulo timeneto tikayenda timafika ku ma injekita onse anayi, timabwereranso ku thanki. Mwini wake anagula pampu, ma injekita, kutsukitsa thanki ndi mapaipi. Anakhala pa tayala n'kugwira m'mutu. Za Doom sindiyankha n'komwe.

18:09 Amdala a Thiraki: Apo pokha tagwirizana. Ndipo pansi pa thanki pamakhala matope. Ukafika pa E umakoka zinyalala za zaka 10.

18:11 Aphunzitsi a pa Geti: Pamenepo ndikonzeko pang'ono amdala. Paipi yokoka mafuta imakhala pansi nthawi zonse, kaya thanki ndi yodzaza. Ikanakhala pamwamba bwenzi motoka ikuzima pa hafu.

18:12 Amdala a Thiraki: Aphunzitsi, inu motoka munayendetsapo iti? Geti ya anthu?

18:14 Makanika wa Germiston: Nonse muli ndi mbali. Paipi ili pansi, inde. Koma mafuta akachepa amakhavuka pa mabampu n'kuvundula zonse zogona pansi, ndiye fyuluta imatsekeka msanga. Madzi nawo amalemera kuposa dizilo, amakhala pansi, ndipo thanki yopanda kanthu imachita thukuta m'kati usiku kukazizira. Pa phiri kapena pa kona mafuta ochepa amathawira mbali imodzi, paipi n'kumeza mphepo geji isanafike n'komwe pa E. Ine kotala ndimaiyesa E.

18:15 Achemwali a ku Kapata: Madamu anga ku Midrand inawathera pa N1 nthawi ya jamu. Anandiimbira ine kuti ndikatenge ana kusukulu wapansi. Motoka inabwera pa lole madzulo, abwana osalankhula ndi munthu masiku awiri. Ine ndi amene ndinavutika, nyumba yonse ngati pamaliro.

18:19 Amdala a Thiraki: Zimenezo n'zamasewera. Ine inandizimira ndikutsika Manenekela kulowera ku mlatho wa Luangwa, Hilux yakale, kumbuyo matumba a chimanga ndi anthu atatu. Injini itangoti zii, chiwongolero chinauma ngati mtengo wa mubanga. Buleki ndinaponda kawiri ikugwira, kachitatu ngati ndaponda mwala. Kumanzere phompho. Ndinaimirira pa pedulo ndi miyendo yonse iwiri, handibuleki ndikukoka pang'onopang'ono, amai wina kumbuyo akuitana Yesu ndi makolo ake onse. Tinaima pafupi ndi chitsulo cha m'mbali mwa msewu. Anthu amaopa za pampu, ine ndimaopa zimenezo. Ana inu simudziwa kuti buleki ndi chiwongolero zimadalira injini ikulira.

18:20 Amai a Mapasa: Mulungu wanga. Mwana uja ali kuti? Wangoti zii.

18:21 Wa ku Sinda: Akuti msewu umenewo pali malo ena mamotoka amazima okha usiku, ngakhale thanki yodzaza. Msuweni wanga anaona ndi maso.

18:21 Admin: Za ufiti pa gulu lino tinaletsa.

18:22 Amdala a Thiraki: Mfiti za pamenepo ndi mathanka ochokera ku Beira. Mnyamata, ika matrayango kutsogolo ndi kumbuyo, thyola nthambi uyale pamsewu patali ndithu. Miyala kumatayala. Mahazadi asiye akuphethira koma nyali zazikulu zimitsa. Iwe ukhale kunja kwa msewu, osati m'motoka.

18:31 Wa ku Mchini: Foni ili pa 6%. Sipanala 17 ndaipeza, ndiyambe nati iti?

18:31 Makanika wa Germiston: IKA PANSI SIPANALAYO

18:31 Achemwali a ku Kapata: Mwamuona? Mwamusokoneza ndi nkhani za mbewa

18:32 Admin: Aliyense chete mphindi 10. Mphwanga, pamwamba pa fyuluta pali batani lakuda. Popa mpaka lilimbe. Sitata masekondi 10. Ndi zimene ananena a makanika kalekale.

18:33 Makanika wa Germiston: Ndipo ngati yaima mopendekeka, malita 5 mu thanki ya malita pafupifupi 80 ndi madzi a m'mbale. Anthu akuthandize kuikankhira pamalo osalala. Wanjinga uja akatengenso ena 5. Ngati ndi wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, sefa pa nsalu yoyera, wotsalira pansi pa chigubu usathire.

18:34 Mlamu wa ku Bellville: Chete wa mphindi 10 pa gulu la Angoni ndi Achewa? Tiona.

18:52 Wa ku Mchini: YALIRA!! Batani ndapopa ka 43, dzanja latupa. Kawiri yakana, kachitatu yatsokomola utsi woyera kenako yakhazikika. Anyamata a pamudzi pano ndi amene anakankha. Koma pa dashibodi payaka kanyali kena, kachithunzi ka fyuluta.

18:54 Makanika wa Germiston: Mwina ndi madzi mu fyuluta, dizilo wa m'chigubu uja. Pansi pa fyuluta pali kakoko ka pulasitiki. Zimitsa, masula pang'ono ndi dzanja, popa batani lija madzi atuluke mpaka uone dizilo woyera, tseka, popanso lilimbe. Ikalira isiye mphindi 5 usanayende. Pa Katete dzaza pa filing'i yeniyeni, ndipo fyuluta imeneyo mawa isinthidwe ku Chipata. Kuchoka pa Katete patsala makilomita osakwana 100, usathamange.

18:55 Mlamu wa ku Bellville: Ndi Doom bwenzi pano ali pa Mtenguleni, pafupi ndi Chipata.

18:55 Amdala a Thiraki: Anyamata okankhawo uwapatse ya sopo. Ndipo amalume ako usawauze pa foni, ukawauze maso ndi maso atadya kale.

18:57 Amai a Mapasa: Zikomo Ambuye. Tsono mwanawe, pobwera ukwera basi eti? Mlongo wanga ali ku Navutika ku Chipata komweko, akupatsa kathumba ka chalimbana ndi ufa pang'ono. Sikolemera. Ya maliro ija ndikulipirira ine.

18:57 Achemwali a ku Kapata: Inenso mpunga wa ku Chama, 5 kg yokha

18:58 Wa ku Mchini: Foni 1% amai ndikuyankhani pa Kat

18:59 Wa ku Sinda: Nanga za pa boda zija akudula zingati?