Ndithandizeni: kusaina pa intaneti ku Massachusetts nthawi ya Covid-19

Abale anga okhala ku America, ndithandizeni. Mu April 2020, mliri utafika povuta, khothi lalikulu la ku Massachusetts linadula ndi theka masiginecha omwe ofuna kuima nawo pa chisankho cha chipulula amayenera kusonkhanitsa, ndipo linatsegulanso mpata wosaina pa intaneti. Wofuna mpando wa Senate ya dziko lonse la America ankangofunika masiginecha 5,000 m'malo mwa 10,000. Ine ndikuti anachita bwino, chifukwa cholembera chimodzi kumadutsa m'manja mwa anthu mazanamazana pakhomo pa sitolo kunali kuika miyoyo pachiswe.

Koma chikundisowetsa mtendere ndi ichi: makalaki a m'matauni ankatsimikiza bwanji kuti wosainayo ndi mwini dzina weniweni? Nanga agogo opanda kompyuta anawaganizira? Ngati munasaina kapena munasonkhanitsa nawo chaka chimenecho, chonde ndiuzeni mmene zinayendera.